Malemu Kadinala Medardo Mazombwe: moyo umene unaumbidwa ku seminale

Kadinala Medardo Joseph Mazombwe, omwe anamwalira pa 29 August chaka cha 2013 m'chipatala cha University Teaching Hospital mu mzinda wa Lusaka, anali mbadwa yoyamba ya dziko la Zambia kulandira udindo wa ukadinala mu mpingo wa Katolika. Anthu ambiri amawakumbukira chifukwa cholimbikira kupempha kuti ngongole za dziko lino zikhululukidwe, ndiponso chifukwa cha tchalitchi chachikulu cha Cathedral of the Child Jesus chimene chinamangidwa iwo akutsogolera arkidayosizi ya Lusaka.

Koma pali mbali ina ya moyo wao imene sikambidwa kawirikawiri. Iyi ndi ya zaka zimene anakhala ku seminale, kutali ndi maso a anthu, akudzuka ndi belu ndi kugona ndi belu. Kudekha kumene anthu anadzakuona mwa iwo atakula, kusafulumira kulankhula ndi kusatopa pa chinthu chimene achiyamba, kunaphunziridwa m'zaka zimenezo.

Ku Woodlands mu Lusaka kuli seminale yaikulu ya St Dominic's, kumene anyamata ochokera m'madayosizi osiyanasiyana a Zambia amatsiriza maphunziro ao a unsembe. Pamene a Mazombwe anali mnyamata, sukulu yotere m'dziko muno munalibe. Wofuna unsembe anayenera kuoloka malire. Mbiri yao ikuonetsa m'mene mpingo wa m'Zambia unachokera pa kutumiza ana ao kunja mpaka kufika pa kuwaphunzitsa pakhomo.

Mwana wa kum'mawa

A Mazombwe anabadwa pa 24 September chaka cha 1931 m'mudzi wa Chundamira ku chigawo cha kum'mawa. Nthawi imeneyo dziko lino linkatchedwa Northern Rhodesia, ndipo Chipata ankadziwika ndi dzina lakuti Fort Jameson. Mpingo wa Katolika kuderali unali m'manja mwa ansembe a chipani cha White Fathers, ochokera ku Ulaya ndi ku Canada, amene ankayenda mitunda italiitali panjinga kukachita Misa m'midzi. Wansembe wachikuda anali wosowa kwambiri, kotero kuti anthu ambiri ankayesa unsembe ndi ntchito ya azungu okha.

Kwa banja la kumudzi, kulola mwana wamwamuna kupita ku seminale sichinali chinthu chapafupi. Mnyamata wodziwa kulemba ndi kuwerenga anali chuma cha mtundu wonse. Akanatha kukhala mphunzitsi, kalaliki wa ku boma, kapena kupita ku migodi ya ku Copperbelt n'kumatumiza ndalama ya msonkho ndi zovala kwao. Wopita ku unsembe sankalonjeza chilichonse cha izi. Koposa apo, sakanadzakwatira, ndipo pakati pa anthu amene amaona ana monga dzina la munthu ndi ndodo ya ukalamba wake, nkhani imeneyi inali yolemera. Anyamata ambiri anabwerera panjira, osati chifukwa cholephera m'kalasi, koma chifukwa cha misozi ya amai ao ndi mau a amalume ao.

Njira yake inali yaitali. Mnyamata ankayamba ku seminale yaing'ono, kumene ankaphunzira maphunziro a sekondale pamodzi ndi Chilatini. Ambiri a ku Fort Jameson ankatumizidwa ku Kasina, m'dera la Dedza ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Opirira mpaka kumapeto ndiwo ankaloledwa kulowa seminale yaikulu ya Kachebere, kumene a Mazombwe anaphunzira m'zaka za m'ma 1950.

Tsiku lolamulidwa ndi belu

Kachebere ili m'boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, pamalire penipeni pa Malawi ndi Zambia, kufupi ndi Chipata. A White Fathers anakhazikitsa mishoni pamalopo m'chaka cha 1903, ndipo seminale yaikulu inatsegulidwa m'chaka cha 1939. Isanatsegulidwe, ophunzira unsembe ankapita mpaka ku Kipalapala ku Tanganyika. Kachebere inkalandira ophunzira a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia, pamene a m'madera amene munali ansembe a chipani cha Jesuit, monga Lusaka, ankatumizidwa ku Chishawasha pafupi ndi Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare.

Moyo wa m'maseminale a nthawi imeneyo unali wofanana pafupifupi pa dziko lonse lapansi, ndipo unkayendera belu. Belu loyamba linkalira kusanache. Aseminale ankadzuka osalankhulana, kusamba, kuvala, ndi kulunjika ku tchalitchi. Kumeneko ankayamba ndi mapemphero a m'mawa, kenaka nthawi ya kusinkhasinkha, aliyense ali chete pamalo pake, akulingalira za kachigawo ka Uthenga Wabwino. Pambuyo pake pankabwera nsembe ya Misa, yonse m'Chilatini, wansembe atayang'ana ku guwa. Kufikira m'zaka za m'ma 1950, pamene Papa Pius XII anafewetsa lamulo, wofuna kulandira Ukaristia sankadya kanthu kuyambira pakati pa usiku.

Akadya chakudya cha m'mawa ankalowa m'kalasi. Zaka zoyambirira zinali za filosofi, maphunziro ophunzitsa munthu kuganiza molongosoka, kusiyanitsa chenicheni ndi chongooneka, ndi kuika mfundo zake m'ndondomeko. Zaka zotsatira zinali za maphunziro a zaumulungu: Malembo Oyera, chiphunzitso cha mpingo, za makhalidwe, malamulo a mpingo, mbiri ya mpingo ndi mwambo wa mapemphero. Mabuku akuluakulu anali a m'Chilatini. Mnyamata amene anakula akulankhula Chinyanja, naphunzira Chingerezi ku sukulu, anayenera tsopano kuwerenga ndi kuyankha mafunso m'chilankhulo chachitatu chimene sichinkamveka pamsika uliwonse.

Masana belu linkaitanira ku pemphero la Angelus ndi ku chakudya. Masiku ambiri ankadya mwachete, mmodzi wa iwo ataimirira akuwerenga buku mokweza mau. Kuwerengaku kunali phunziro palokha, pakuti wolakwitsa katchulidwe ankakonzedwa pomwepo pamaso pa anzake, ndipo ankayenera kubwereza osaonetsa kukwiya. Chakumadzulo kunali ntchito ya manja: kulima m'dimba, kusesa, kusamalira ziweto, kukonza misewu. Khasu linkakumbutsa wophunzira filosofi kuti ndi mwana wa mlimi, ndi kuti anthu amene adzawatumikire amadya thukuta lao. Kenaka kunali mpira, kuwerenga payekha, kolona, ndi chakudya chamadzulo.

Akatha mapemphero a usiku pankayamba chete wamkulu, amene sankaswedwa kufikira m'mawa mwake. Ulendo wa kumudzi unali wa pa tchuthi basi. Tsiku lililonse linkafanana ndi linzake, mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Kachebere inali sukulu ya kudekha kotero.

Funso limene silinkatha

Cholinga cha ndondomeko yonseyi sichinali kungosunga mwambo. Chinali kupereka mpata wakuti mnyamata ayankhe funso limodzi moona mtima: kodi ndi Mulungu amene akumuitana, kapena akungotsata ulemu, maphunziro aulere, kapena chifuniro cha wansembe amene anamusankha ku parishi?

Pachifukwa ichi mseminale aliyense anali ndi mlangizi wa zauzimu, wansembe amene ankakumana naye paokha kuti amuululire za mumtima: kukayika kwake, kulakalaka banja, kupukwa kumudzi, mkwiyo, ndi kuuma kwa pemphero. Zokambidwa m'chipinda chimenecho sizinkatuluka. Tsiku lililonse munalinso nthawi ya kudzifufuza, pamene munthu ankabwerera m'mbuyo kuona m'mene wayendera kuyambira m'mawa, pamene wachita bwino ndi pamene wapunthwa. A White Fathers anatengera kwambiri njira ya kapempheredwe ya Ignasio Woyera wa ku Loyola, imene imaphunzitsa munthu kusapanga chisankho chachikulu mtima uli wovunduka, koma kudikira mpaka madzi atadikha. Chaka chilichonse kunali m'bindikiro wa masiku angapo, wopanda kalasi, wopanda kucheza.

Aphunzitsi nawonso ankayang'ana. Ankaona m'mene mnyamata amachitira akagonja pa mpira, akapatsidwa ntchito yonyozeka, kapena akakhala ndi mnzake wa mtundu wina. Ku Kachebere kunkakumana Achewa, Angoni, Ansenga, Atumbuka, Alomwe, Abemba ndi ena, ogona nyumba imodzi ndi kudya mbale imodzi. Pamalo pomwepa panadutsa anthu amene anadzatsogolera mpingo m'maiko awiriwa, monga a James Chiona amene anadzakhala arkiepiskopi wa Blantyre, a Patrick Kalilombe amene anadzakhala episkopi wa Lilongwe, ndi a Emmanuel Milingo, mwana mnzao wa kum'mawa, amene anadzozedwa unsembe m'chaka cha 1958 nadzakhala arkiepiskopi wa Lusaka m'chaka cha 1969.

Unsembe sunkaperekedwa tsiku limodzi. Panali makwerero. Poyamba episkopi ankameta katsitsi pamutu pa mseminale, chizindikiro chakuti wapatulidwa. Kenaka ankalandira maudindo anai aang'ono: woyang'anira pakhomo la tchalitchi, wowerenga mau a Mulungu, wopempherera ogwidwa ndi mizimu yoipa, ndi wotumikira pa guwa. Khwerero loopsa linali la udikoni waung'ono. Pa mwambo umenewu episkopi ankachenjeza anyamatawo kuti akadali ndi ufulu wobwerera kwao, koma amene atsimikiza mtima asendere kutsogolo. Phazi limodzi limenelo linkatanthauza kusakwatira moyo wonse, ndi udindo wopemphera tsiku ndi tsiku mapemphero a mpingo, amene nthawi imeneyo ankatsiriza masalimo onse 150 pa sabata imodzi. Makwerero amenewa anadzasinthidwa ndi Papa Paul VI m'chaka cha 1972.

Kunja kwa mpanda dziko linali pa moto. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa m'chaka cha 1953 anthu akuda asakufuna, ndipo m'mwezi wa March chaka cha 1959 boma la atsamunda linamanga atsogoleri ambiri a ndale ku Nyasaland, pamene ku Northern Rhodesia chipani cha a Kenneth Kaunda chinaletsedwa. Anyamata ophunzira a msinkhu wa a Mazombwe anali kulowa ndale ndi kukonzekera maudindo m'boma limene linali kubwera. Kukhalabe ku seminale pa nthawi yotere kunali kusankha, osati kusowa kopita.

A Mazombwe anadzozedwa unsembe pa 4 September chaka cha 1960, ali pafupi kukwanitsa zaka 29. M'chaka chomwecho Papa John XXIII anali atakweza a Laurean Rugambwa a ku Tanganyika kukhala kadinala woyamba wachikuda wa mu Africa m'nyengo yathu ino.

Kubweretsa seminale pakhomo

Atatumikira zaka khumi monga wansembe, Papa Paul VI anawasankha m'mwezi wa November chaka cha 1970 kukhala episkopi wa Chipata, kulowa m'malo mwa Ambuye Firmin Courtemanche a chipani cha White Fathers. Anadzozedwa uepiskopi pa 7 February chaka cha 1971 ali ndi zaka 39, ndipo anatsogolera dayosiziyo zaka zoposa 25.

Anapeza mpingo ukusintha. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 kufikira 1965, unalola Misa m'zilankhulo za anthu, ndipo unalamula kuti dziko lililonse likonze maphunziro a unsembe molingana ndi moyo wa anthu ake. Amishonale anali kukalamba, olowa m'malo mwao ochokera ku Ulaya anali kuchepa. Zinali zoonekeratu kuti mpingo umene sulera ansembe akeake udzatsala ndi matchalitchi opanda Misa.

Ambuye Mazombwe anali wapampando wa bungwe la maepiskopi a Katolika m'Zambia kuyambira 1972 kufikira 1975, ndipo anadzakhalanso pa mpandowo kuyambira 1988 kufikira 1990, ndi kuyambira 1999 kufikira 2002. Munali m'zaka za m'ma 1970 m'mene maepiskopi a dziko lino anatsegula seminale yaikulu ya Mpima pafupi ndi Kabwe, kenaka ya St Dominic's ku Lusaka. Mpima inakhala ya filosofi, St Dominic's ya maphunziro a zaumulungu. Pambuyo pake panaonjezedwa nyumba ya Emmaus, ku Lusaka komweko, kumene mnyamata amayamba wakhala chaka cha mapemphero ndi kudzifufuza asanalowe m'maphunziro akuluakulu. Ku Malawi nako seminale ya St Peter's ku Zomba inatsegulidwa m'chaka cha 1977.

Kuyambira 1979 kufikira 1986 Ambuye Mazombwe anali wapampando wa AMECEA, bungwe la maepiskopi a m'maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa. M'nyengo yao bungweli linatsegula sukulu ya ukachenjede ya zaumulungu ku Nairobi m'chaka cha 1984, imene inadzakula kukhala Catholic University of Eastern Africa. Ansembe ambiri ophunzitsa m'maseminale a m'chigawochi anasulidwa kumeneko. Bungwe lomweli ndilo linalimbikitsa miphakati, timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, kuti mpingo uyambire pamudzi ndi m'komboni.

Moyo wa ku Woodlands ndi wosiyana ndi wa ku Kachebere wa m'zaka za m'ma 1950. Maphunziro ali m'Chingerezi, Misa imaimbidwa ndi ng'oma m'zilankhulo za dziko lino, ndipo mseminale amatumizidwa ku maparishi kukaphunzitsa katekisimu, kukayendera odwala ndi kukakhala nawo pa miphakati. Seminaleyi ili mu mzinda, kufupi ndi nyumba za olemera za ku Kabulonga ndiponso kufupi ndi komboni ya Bauleni, kotero wophunzira sangathe kubisala ku mafunso a umphawi ndi chuma. Kalata ya Papa John Paul II ya m'chaka cha 1992 yonena za kaphunzitsidwe ka ansembe inaika patsogolo umunthu, isanatchule za uzimu, nzeru ndi ubusa, pofuna kunena kuti munthu wosakhwima pa umunthu sangakhale wansembe wabwino ngakhale atadziwa mabuku onse. Komabe msana wa tsiku sunasinthe: mapemphero a m'mawa, kusinkhasinkha, Misa, kalasi, ntchito, kudzifufuza madzulo, ndi mlangizi wa zauzimu. Funso limene a Mazombwe analimbana nalo ku Kachebere ndi lomwelo limene mnyamata wa ku St Dominic's amagona nalo.

Mbusa wa Lusaka

Pa 30 November chaka cha 1996 Papa John Paul II anawasamutsira ku Lusaka kukhala arkiepiskopi, kulowa m'malo mwa Ambuye Adrian Mung'andu. Anafika mu mzinda umene unali pa mavuto aakulu. Makampani a boma anali kugulitsidwa, anthu ambiri anachotsedwa ntchito, ku chipatala kunali kulipira, ndipo matenda a Edzi anali kusiya ana amasiye m'nyumba zambiri. Pamwamba pa izi dziko linali ndi ngongole ya kunja imene inafika pafupifupi madola 7 biliyoni a ku America, ndipo ndalama zimene zikanagula mankhwala ndi mabuku zinkapita kukabweza ngongoleyo.

Ambuye Mazombwe anali atayamba kale kulankhula za nkhaniyi ali ku Chipata. Mfundo yao inali yosavuta kumva: ngongole imene ikubwezedwa ndi moyo wa ana si nkhani ya akatswiri a zachuma okha, ndi nkhani ya chilungamo. Anakhala mmodzi mwa atsogoleri a mipingo amene anaimirira pa kampeni ya Jubilee 2000, imene inasonkhanitsa masiginecha a anthu m'matchalitchi ndi m'misika. Chaka cha 2000 chinafika n'kudutsa ngongole ikadalipo. Sanaleke. M'mwezi wa April chaka cha 2005 dziko la Zambia linakwaniritsa zofunika pa ndondomeko ya maiko osauka a ngongole zambiri, ndipo m'mwezi wa July chaka chomwecho atsogoleri a maiko olemera, pa msonkhano wao wa ku Gleneagles ku Scotland, anavomera kufafaniza gawo lalikulu la ngongole za maiko ngati lino.

M'chaka cha 2001, iwo ali wapampando wa maepiskopi, mpingo wa Katolika unagwirizana ndi mabungwe ena a mipingo, a maloya ndi a amai mu Oasis Forum pokana kusintha malamulo a dziko kuti Pulezidenti Frederick Chiluba aimenso kachitatu. Ganizo la kusintha malamulolo linalephereka. Pa zonsezi Ambuye Mazombwe sankadziwika ndi mau aukali. Ankalankhula mofatsa, mobwerezabwereza, monga munthu amene anazolowera kuchita chinthu chimodzi m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri osayembekezera kuona phindu lake tsiku lomwelo.

Ndi mtima womwewo anatsogolera ntchito yomanga Cathedral of the Child Jesus pa Pope Square, pamalo pamene Papa John Paul II anachitira Misa pa ulendo wao wa m'mwezi wa May chaka cha 1989. Tchalitchichi chinatsegulidwa m'chaka cha 2006, ndipo m'mwezi wa October chaka chomwecho Ambuye Mazombwe, atakwanitsa zaka 75, anapuma pa udindo nasiyira Ambuye Telesphore Mpundu.

Chipewa chofiira

Pa 20 November chaka cha 2010 Papa Benedict XVI anawaveka chipewa chofiira cha ukadinala ku Roma. Anali ndi zaka 79, ndipo chinali chaka chimene anakwanitsa zaka 50 ali wansembe. Asanakhale iwo, dziko la Zambia linali ndi kadinala mmodzi yekha, Adam Kozłowiecki, mmishonale wa chipani cha Jesuit wochokera ku Poland, amene anali arkiepiskopi woyamba wa Lusaka ndipo analandira udindowu m'chaka cha 1998. Popeza makadinala opitirira zaka 80 saponya nawo voti, Kadinala Mazombwe sanalowe m'chisankho cha m'mwezi wa March chaka cha 2013 chimene chinasankha Papa Francis.

Anamwalira patapita miyezi isanu, ali ndi zaka 81, atadwala matenda a khansa. Anaikidwa m'manda pa Cathedral of the Child Jesus, tchalitchi chimene anavutikira kumanga.

Pa maliro ao panasonkhana maepiskopi, akuluakulu a boma ndi khamu la akhristu. Pakati pao panali mizere ya ansembe obadwira m'dziko lino, ambiri a iwo ophunzira ku Mpima ndi ku St Dominic's, ena odzozedwa ndi manja a malemuwo. Pamene mnyamata wa ku Chundamira ankaoloka malire kupita ku Kachebere, ansembe achikuda a ku Northern Rhodesia anali owerengeka. Pamene ankaikidwa m'manda, madayosizi ambiri a Zambia anali kutsogoleredwa ndi ana a dziko lino, ndipo ansembe a ku Zambia anali atayamba kutumikira m'maiko ena, kuphatikizapo kumene kunachokera amishonale.